Wotchi ya Bambo pa Mkono wa Amayi

Achemwali anandiimbira ndili chogwada pansi pa pampu ya dizilo, manja ali bii. Ntchito yanga ndi imeneyo. Ndimakonza mapampu a mafuta, tauni ino lero, ina mawa. Foni ndinaipanikiza ndi phewa.

Anati Bambo akukawaika kachipangizo pachifuwa, kothandiza mtima kugunda. Achipatala aona kuti mtima wawo ukumaima kaye, kenako n'kuyambanso. Tsiku apereka kale. Iwo kuntchito sawalola kuchoka mpaka madzulo a tsikulo, choncho ine ndipite ndikaperekeze. Sanafunse ngati ndingathe. Achemwali safunsa. N'chifukwa chake Bambo amawatchula kuti a Kapitawo.

Ndinamanga nati yomaliza. Ndinasamba m'manja ndi sopo wa ufa. Ndinakwera basi. Ndinkadikira kuti mantha andipeza panjira, koma sanabwere. Ndinangoona mitengo ya magetsi ikudutsa pawindo, kenako ndinagona.

Nkhani ya mtima wa Bambo inayamba chaka chatha. Anagwa m'bafa. Anagona m'chipatala, anatuluka atawonda, ali ndi wotchi yakuda pamkono. Si wotchi wamba. Imamvetsera mtima usana ndi usiku, n'kumatumiza zonse ku kompyuta ya kuchipatala. Akuti kompyutayo imaphunzira yokha mtima wa munthu, ndipo ikaona zachilendo imauza dokotala. Imathanso kutumiza ku mafoni a achibale. Achemwali analumikiza yawo ndi yanga. Ine yanga ndinaitseka pakamwa sabata yomweyo. Inkandidzidzimutsa ndili pantchito.

Achemwali sanatseke yawo. Nambala ya kugunda kwa mtima ikangokwera, foni kunyumba inkalira. Mukutani? Khalani pansi. Mwakwera masitepe kangati? Anachotsa njinga ya Bambo n'kukaiika kwawo. Mchere unachoka patebulo. Tsiku lina kunali mpira pa wailesi ya kanema, timu ya Bambo inagoletsa, nambala inadumpha, ndipo a Kapitawo anaimba kuti azimitse. Anazimitsadi. Zigoli zotsalazo anazimva kwa aneba kudzera pakhoma.

Kenako zinthu zinakhala bwino. Manambala anakhazikika. Achemwali ankandilembera kuti waona, munthu akamvera amachira. Ndinkayankha ndi chala chachikulu chija cha mufoni.

Makolo anga amakhala m'nyumba yosanja, chipinda chochezera chimodzi, chogona chimodzi, khitchini yoti anthu awiri sangapishane. Ananditsegulira ndi Bambo. Anali atanenepa. Masaya ali gwa.

"Mlendo wafika," anatero. "Chikwama usachiike patali, mwina uchoka tiyi asanawire."

Mlendo ndi dzina langa pakhomopo. Amati matako anga ali ndi minga.

Ndinawayang'ana pamkono. Panalibe wotchi. Ndinafunsa ngati ili pa tchaja. Anati ndipite ndikawaone kaye mayi anga kumaluwa, zinazo tikamba.

Amayi amagulitsa mbande za maluwa ndi mitengo m'mbali mwa msewu waukulu, kuseri kwa depoti. Machubu akuda odzalamo mbande ondandalikidwa pansi, denga la neti yobiriwira, thanki ya madzi pakona. Akhalapo kuyambira ine ndili kusukulu. Ndinawaona ndili kutsidya la msewu. Ananyamula makheni awiri othiririra, odzaza madzi. Anayenda pang'ono, n'kuima. Anatula makheni. Anagwira mzati wa denga, mutu ataupendeketsa ngati munthu amene waitanidwa kutali. Anakhala choncho. Magalimoto ankadutsa pakati pathu. Kenako ananyamulanso makheni aja n'kupitiriza.

Nditawoloka anandipatsa moni ngati tinaonana dzulo. Anati ndawonda, ndipo nsapato zanga zikununkha palafini. Anapinda mkono wa juzi kuti atsuke kheni. Wotchi inali pamenepo, lamba atamumanga pa bowo lomaliza.

Anaona kuti ndaona. Anatsitsa juzi mosafulumira.

"Amayi, wotchiyo ndi ya Bambo."

"Ya m'nyumba mwathu."

"Ndiye mtima umene ukuimawo..."

"Nyamula kheni, Mlendo. Dzuwa silidikira."

Ndinanyamula. Ndinathirira mzere wa mitengo ya mandimu mpaka kumapeto. M'mutu munalibe chilichonse. Ndinkangoona madzi akulowa m'dothi.

Kuti munthu amvetse, ayenera kuwadziwa awiriwa. Alibe chinthu cha munthu mmodzi. Magalasi owerengera ndi amodzi, amangopatsirana. Ambulera imodzi. Chipeso chimodzi, ngakhale Bambo tsitsi linawathawa kalekale. Mmodzi akalandira mankhwala a chifuwa, winayo amamwako supuni, podziteteza. Tinakula tikuziona. Tinkaziseka.

Nkhani yonse anandiuza ndi Bambo masana omwewo, Amayi asanaweruke. Anakhala pampando wawo, manja pamabondo. Bambo anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi mpaka kupuma. Amalankhula ngati akuwerenga mita. Sathamanga, sawonjezera.

Anati zinayamba ndi mpira. Patabwera masewera ena aakulu, Amayi anati bweretsani kuno kanthu kanuko, muonere mwamtendere. Anavala. Bambo anakuwa mmene anafunira, foni sinalire. Mawa lake a Kapitawo anawayamikira kuti mwagona bwino. Ndiye zinangopitirira. Bambo anayambanso kutsika masitepe, kupita kokacheza ndi anzawo kwa wometa, kubwerako wapansi. Wotchi inkapita kumaluwa.

Patapita miyezi, achipatala anaimba. Anati mtima ukuthamanga mosalongosoka, ukudumphadumpha. Bambo anavala wotchi tsiku limenelo n'kupita. Anawamata mawaya pachifuwa, pepala linatuluka labwinobwino. Dokotala anati matenda amenewa amabwera n'kupita, wotchi imaona zimene chipinda choyezera sichingaone. Anawalembera mapiritsi atsopano. Ena ochepetsa liwiro la mtima, ena oti magazi asaundane.

Ndinafunsa ngati anamwa.

"Ndimwe bwanji za eni?" anatero. "Mita sinama, mwana wanga. Chofunika n'kudziwa kuti yalumikizidwa ku nyumba iti. Dokotala analembera mtima umene anaumva. Ndinabwera nawo, ndinawapatsa eni mtima."

Amayi anamwa. Kudumphadumpha kuja kunachepa. Achipatala anasangalala, Achemwali anasangalala. Bambo anati iwonso ankadziona ngati anzeru: mayi ako akuthandizidwa ndi dokotala wamkulu popanda kuponda pakhomo la chipatala. Kenako mtima uja unayamba kuima.

Mapiritsi ochepetsa liwiro aja anati anawabisa tsiku lomwe achipatala anaimbanso. Koma kuima sikunathe. Anawauza Amayi kuti masewera atha, tiyeni mukanene. Amayi anakana. Anawanyengerera, anakana. Anawakalipira, anakana. Ndiye Bambo anati chabwino, achipatala aitana ine, ndipita ine. Ndikagona pabedipo, andicheke, andiike kachipangizoko, inu mukuonerera.

Ndinati ndikawauza ndekha madokotala, nkhani ithe.

Anapukusa mutu. Anati ndikanena ine, kapena iwo, Amayi akana pamaso pa dokotala, anena kuti mdalayu wasokonezeka, atuluka, ndipo sadzabwereranso. Wotchi adzaivula, mtima udzaima popanda woona. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ayenera kunena ndi pakamwa pawo.

"Nanga akapanda kunena?"

"Ndiye kuti ndidzakhala ndi batire pachifuwa."

Anaseka pang'ono. Ine sindinaseke. Sindinakwiyenso. Ndinapita kukhitchini, ndinatsegula mpopi, ndinamwa madzi ndi dzanja.

Foni ndinaitulutsa kangapo madzulo amenewo. Dzina la Achemwali linali pamwamba. Ndinkaliyang'ana mpaka galasi kuzima. Ndinkadziwa chimene chingachitike. Abwera ndi galimoto, atenga Amayi ngati katundu, ndipo Amayi akafika kuchipatala atatseka pakamwa. Kapena mwina ndinkangodzinamiza. Mwina sindinkafuna phokoso basi. Ndinayang'ananso nthawi za mabasi, ngakhale ndinalibe kopita.

Tsiku lotsatira ndinalawira nawo kumaluwa. Anandipatsa wilibala kuti ndikatute dothi. Titadzaza machubu angapo ndinayamba nkhani. Sanandidule. Anapitiriza kutsendera dothi ndi zala zazikulu.

Anati iwo si mwana, akudziwa kuti m'chifuwa muli vuto. Zikabwera, kumaso kumada, makutu amatseka, kenako zimatha. Koma anaona ndi maso awo zimene zinachitikira mwamuna wawo. Munthu anatuluka m'chipatala ali moyo, n'kudzafera pampando. Njinga palibe. Mpira palibe. Kukhosomola, foni. Kuseka, foni. Mwana amene anamusintha matewera n'kumamufunsa kuti wadya chiyani.

"Achemwali ako ndi mwana wabwino," anatero. "Ubwino wake ndi umene ndikuuthawa. Akangomva, pano atseka. Andikhazika pafupi ndi bambo ako, tiziyang'anana ngati mipando."

Ndinati bola kukhala pampando kusiyana ndi kugwa pamsewu.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anati zodabwitsa, mlaliki wa kukhala pansi ndi iwe? Iwe amene sunagonepo mwezi wathunthu pabedi limodzi?

Ndinakankha wilibala.

Za Bambo sankada nazo nkhawa. Anati mdala ameneyo ndi wamantha, jakisoni amamuona ngati mkondo. Pamene unkabadwa iwe anakomoka pakhonde la chipatala, anamwino n'kusiya wobereka kukatsira madzi woperekeza. Sangagone pabedi la opaleshoni. Akafika pakhomo adzanena kuti wamva bwino, tibwerere. Akungofuna kundiopseza.

Kasitomala anaima ndi galimoto, ankafuna maluwa ofiira a m'mbali mwa mpanda. Amayi anadzuka msanga. Atayenda pang'ono anaima. Anagwira mzati. Ndinaona milomo yawo ikutuwa. Ndinaima ndi fosholo m'manja, osasuntha. Kasitomala anali pafoni, sanaone kanthu. Kenako Amayi anapuma mwamphamvu, anapukuta dzanja pa epuloni, n'kumufunsa munthuyo ngati pakhomo pake pamafika dzuwa lambiri.

Titabwerera kunyumba tinapeza Bambo atalongedza kale kachikwama. Thaulo, mswachi, masilipasi, zovala zogonera zimene sanazivalepo. Anakaika pakhomo penipeni kuti aliyense azikadumpha. Amayi anakadumpha osayang'ana pansi. Anafunsa ngati aikamo vesiti yoyera, asakatichititse manyazi. Bambo anati aikamo ziwiri. Tinadya. Mafoloko okha ndi amene ankamveka.

M'mawa wa tsikulo Amayi anavula wotchi n'kuiika patebulo. Bambo anaitenga n'kuvala. Lamba anali atapindika pa bowo la Amayi, anavutika kumumanga. Palibe anathandiza mnzake. Achemwali anaimba, anati tisachedwe, Bambo asadye kanthu, ine ndizilemba zonse zimene dokotala anene. Ndinati chabwino.

Tinakwera takisi. Bambo kutsogolo, kachikwama pamiyendo. Woyendetsa anafunsa kuti wodwala ndi ndani. Bambo anati funso labwino. Amayi anayang'ana pawindo.

Mbali ya matenda a mtima ili pamwamba. Khonde lalitali, mabenchi a pulasitiki omangidwa pamodzi, fungo la mankhwala okolopera. Anthu anakhala chete, aliyense ndi kanthu kake. Wina wotchi ngati ya Bambo. Wina kachigamba komata pachifuwa, kakuonekera pakhosi la malaya. Mayi wina anali ndi kachikwama ka mabatire m'chiuno, waya ukulowa m'kati mwa diresi. Ankaluka chipewa cha mwana.

Anatiitana m'kachipinda. Munali bedi lamateyala, mipando iwiri, ndi kompyuta pakhoma. Dokotala anali mayi wamfupi, wa mawu otsika. Anatipatsa moni aliyense payekha. Anatulutsa kachipangizo kachitsanzo m'thumba, kachitsulo kosalala, kocheperapo kuposa bokosi la machesi. Anati amacheka pang'ono pansi pa phewa lamanzere, n'kukalowetsa pansi pa khungu, timawaya n'kupita kumtima kudzera mumtsempha. Mtima ukachedwa, iko kamaukumbutsa. Munthu sagonekedwa tulo, amangopha malowo.

Bambo anayang'ana kachitsuloko. Anafunsa ngati munthu amamva akuchekedwa. Dokotala anati amamva kukokedwa chabe.

Kenako anayatsa kompyuta kuti tione chifukwa chake. Mzere wobiriwira, timapiri totsatizana. Timapiri, timapiri, kenako mzere wogona, wautali. Kenako kaphiri kamodzi, kosungulumwa, ndi ena pambuyo pake.

"Apa ndi dzulo, chakumasana," anatero. "Munali kuti, Bambo? Simunagwe?"

"Ndinkagulitsa maluwa ofiira," anatero Bambo. "Ndinagwira mzati."

Za mzatizo ndinali nditawauza ndine usiku wapitawo. Amayi anali atagwira jekete la Bambo pamiyendo. Analipinda, analipindanso. Dokotala anati mwayi wake mzatiwo unalipo. Anati kuima kotereku sikuchenjeza, tsiku lina mtima sudzakumbuka kuyambanso. Ananena mosaopseza, ngati akunena za nyengo. Anatuluka kukasamba m'manja.

Analowa namwino wamwamuna, wamtali, wa nthabwala. Anati agogo, vulani malaya tione ngati kuli nkhalango. Bambo anavula. Anavulanso vesiti, anaipinda bwinobwino n'kuwapatsa Amayi. Anagona pabedi. Namwino anawameta mbali yamanzere ya chifuwa, tsitsi loyera likugwera pa pepala. Anati mwamuna wa tsitsi pachifuwa sasowa chonena pakhomo, si choncho amayi?

Anatulutsa singano yolowetsa pamkono. Bambo anagwira chitsulo cha bedi zolimba. Anatseka maso. Thukuta linatuluka pamphumi. Singano inalowa. Sanakomoke. Sananene kuti tibwerere.

Ndinayang'ana Amayi. Ankayang'ana pansi, pa tsitsi lija.

Namwino anavula Bambo wotchi n'kuwapatsa Amayi kuti asunge. Anakweza zitsulo za m'mbali mwa bedi. Anaponda mabuleki a mateyala, bedi linasuntha. Anati tsanzikanani, koma mwachidule, sakupita kunja kwa dziko.

Bambo anatsegula maso. Anayang'ana denga.

"Amayi," anatero, "mukatseke gasi. Ndikuona ngati ndinasiya osatseka."

Bedi linafika pakhomo. Ndinapezeka nditaimirira. Sindikudziwa kuti ndinkafuna kunena chiyani, pakamwa panali patatseguka kale.

"Khala pansi, Mlendo. Pakamwa ndili napo," anatero Amayi.

Ndinakhala.

Amayi anaika jekete pampando. Anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lili pakhoma. Anamuuza namwino kuti abweze bedilo. Namwino anati amayi musaope, ndi kanthu kakang'ono. Amayi anati akudziwa kuti ndi kakang'ono, koma mukucheka munthu wolakwika.

"Mdala wamakani ameneyu alibe chilichonse. Wotchiyi ndimavala ndine."

Namwino anaima. Anayang'ana Bambo, anayang'ana wotchi, anayang'ana ine. Ndinagwedeza mutu. Anabweza bedi chambuyo, mateyala akulira, n'kupita kukaitana dokotala.

Tinatsala atatu. Bambo ankapuma ngati athamanga. Amayi anawaponyera vesiti pamimba.

Dokotala anabwera atavala kale chipewa cha opaleshoni. Anakoka mpando n'kukhala. Sanakalipe. Anafunsa kuti zinayamba liti, mapiritsi ankamwa ndani, angati, anasiya liti. Bambo anayankha zonse mwadongosolo, ali chigonere. Atafika pa nkhani ya mita ndi nyumba, dokotala anatseka maso kwa kanthawi. Anati mapiritsi aja anawayeza pa thupi la Bambo, kulemera kwawo, impso zawo. Pa thupi la Amayi n'kutheka kuti ndi amene anawonjezera kuimako. Anatinso mtima wa Bambo, umene unagwa m'bafa uja, wakhala miyezi yonseyi popanda wouyang'ana.

Bambo anati zimenezo sanaziganize. Ananena motsitsa. Anatembenuzira nkhope kukhoma.

Namwino anawachotsa singano. Anati pantchito yake waona anthu akubwerekana ndodo, magalasi, ngakhale mano oikirira, koma izi akaziuza anzake sakamukhulupirira. Bambo anatsika pabedi, chifuwa mbali imodzi choyera ngati mbale. Namwino anafuna kusintha nsalu. Amayi anati asavutike, ndi ya m'nyumba mwathu yomweyo. Anavula nsapato, anazifola bwino pansi pa bedi, n'kukwera.

Anawamata mawaya. Mzere unabwera pakhoma. Timapiri tinkabwera motalikirana, ngati anthu ochoka kumaliro. Dokotala anauyang'ana nthawi yaitali. Anati Amayi sabwerera kunyumba lero. Agona pano, awaone, mankhwala aja atheretu m'thupi. Koma mmene akuonera, kachipangizoko kadzafunika ndithu.

Amayi anafunsa ngati nakonso kamanena.

Dokotala anati inde. Kamalankhula ndi kabokosi koika pafupi ndi bedi kunyumba, kabokosiko n'kumatumiza kuchipatala. Ndipo aka sikabwerekedwa, kamakhala pansi pa khungu.

"Kuchipatala kokha?"

"Ndi kwa wachibale amene mungamusankhe."

"Sindisankha aliyense."

Dokotala anayang'ana ine. Ndinayang'ana nsapato za Amayi. Anati mtima ndi wawo, zili kwa iwo. Amayi anafunsanso za makheni. Dokotala anati poyamba mkono wamanzere usanyamule kanthu, usakwere kupitirira phewa, mpaka bala lipole ndi timawaya tigwire. Pambuyo pake ntchito ndi yabwino, mtima sukonda mpando. Amayi anati mawu amenewo awasunge, pali munthu akubwera madzulo amene akufunika kuwamva kuchokera kwa dokotala.

Achemwali anafika dzuwa litapendeka, baji ya kuntchito ili pakhosi. Anapeza Bambo pabenchi atavala jekete, akudya bisiketi. Ndinawafotokozera pakhonde. Ndinanena mwachidule. Anandifunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinati dzana. Anafunsa chifukwa chake sindinaimbe. Ndinati sindikudziwa. Anati miyezi yonseyi akhala akudzuka kuyang'ana foni, akuthokoza kuti Bambo ali bwino, osadziwa kuti akuyang'ana mayi awo akufa. Analira osatulutsa mawu. Ndinawapatsa kansalu kanga, kanali ndi girisi. Anakabweza.

Kenako anapukuta maso ndi dzanja n'kukhalanso a Kapitawo. Anati za maluwa zatha, alankhula ndi munthu agule mbande zonse. Analowa muwodi. Ndinawatsatira mpaka pakhomo.

Amayi anali atakhala tsonga, atavala mkanjo wa chipatala, mawaya akutuluka pakhosi. Anawasiya Achemwali alankhule mpaka kumaliza. Ndiye anawaitana kuti akhale pabedi. Anawakonza kolala.

"Mwana wanga, watopa," anatero. "Ndavomera kuti andicheke. Zimenezo ndakupatsa. Maluwa ndi anga. Foni yako sindilowamo. Ukafuna kudziwa mmene ndilili, ubwere udzandione, kapena undifunse. Ndikanama, ndanama."

Achemwali anati si chilungamo. Amayi anavomera kuti si chilungamo. Anawonjezera kuti njinga ya bambo ako ibwere. Achemwali anakhala pabedipo, chikwama chili pamiyendo, akuyang'ana mzere wobiriwira pamwamba pa mutu wa Amayi. Amayi anawasiya ayang'ane.

Ine anandituma. Anati mawa ndilawire, ndithirire dzuwa lisanakwere, mitengo ya mandimu ndisaimize m'madzi ngati dzana. Sanandifunse kuti ndikhala mpaka liti. Inenso sindinanene.

Achemwali anatsala. Ine ndi Bambo tinakwera basi. Anaima njira yonse atagwira chitsulo, anakana mpando umene mtsikana wina anawapatsa. Wotchi inali pamkono pawo. Dokotala anawamanga yekha, n'kuwauza kuti abwere sabata yamawa ndi mtima wawo weniweni.

Kunyumba gasi anali wotseka. Bambo anamuyang'ana, anamugwira, anamusiya. Anaika kachikwama kaja pabedi osatsegula. Anazungulira m'chipinda chochezera ngati akufuna chinthu. Ndinateleka madzi a tiyi. Masamba sindinawapeze, iwonso sankadziwa pamene amakhala. Tinamwa madzi otentha ndi shuga.

Kunja kunali kusanade. Ana ankasewera pansi pa masitepe. Bambo anayamba kudzikanda pachifuwa. Anavula malaya, anadziyang'ana pagalasi la kabati. Analowa kubafa, anabwera ndi lezala, sopo, ndi kabeseni.

"Malizitsa," anatero. "Ndisamayende ngati msewu wothawidwa ndi kontilakitala."

Anakhala pampando wodyera, pafupi ndi windo. Ndinapaka sopo mbali yamanja. Khungu linali lofewa, lotentha. Sindinawagwirepo chotero chibadwire. Ndinayamba kumeta kuchokera paphewa, pang'onopang'ono, ndikutsuka lezala m'beseni.

Ndinawafunsa ngati akanalowadi. Amayi akanapanda kulankhula, bedi lija litadutsa pakhomo, akanalola kuti awacheke?

Anayang'ana panja, pa zovala za aneba zili pachingwe.

"Meta bwino," anatero. "Usandicheke."